Steam pa Linux ikamavuta: zoyang'ana, zokonza ndi poyenera kulekera

Madandaulo a anthu osewera magemu pa Linux kudzera pa Steam, pulogalamu ya kampani ya Valve yogulira ndi kutsegulira magemu, sasinthasintha kwenikweni. Steam sikutseguka. Gemu ndaidina koma sikuyamba. Dzulo imayenda bwinobwino, lero yakana. Ndikangolowa kuti ndisewere ndi anzanga pa intaneti ikundichotsa. Mayankho akenso ndi omwewomwewo, n'chifukwa chake ndawasonkhanitsa pano motsatira zimene mukuona pa sikirini. Pansi pa vuto lililonse ndayambira chimene chimayambitsa vutolo kawirikawiri, n'kutsirizira chimene sichichitikachitika. Musadumphe. Ambiri amathamangira zovuta za kumapeto pamene chawagwira chili pa nambala 1.

Zimene zili pansi pa gemu yanu

Valve inatulutsa Steam ya Linux mu February 2013, ndipo nthawi imeneyo ankayenda ndi magemu okhawo amene eni ake anawakonzera Linux. Zinthu zinasintha mu August 2018 pamene Valve, mogwirizana ndi kampani ya CodeWeavers, inatulutsa Proton. Proton ndi Wine (pulogalamu yoyendetsera mapulogalamu a Windows pa Linux) amene anamukonzera magemu, ataphatikizidwa ndi DXVK ndi vkd3d-proton, zimene ntchito yake ndi kumasulira malamulo a DirectX (njira ya Windows yojambulira zithunzi) kuti Vulkan (njira yofanana nayo imene imagwira pa Linux) iwamve. Steam Deck, kakompyuta ka m'manja kosewerera magemu kamene Valve inatulutsa mu 2022, imadalira Proton yomweyo. Ndiye kuti gemu ya Windows ikamayenda pa Linux imadalira zinthu zinayi zosanjikizana: driver wa GPU (khadi lojambula zithunzi), Vulkan, Proton, ndi gemuyo pamwamba. Chapansi chikalakwika, zonse zapamwamba zimagwa, ndipo kusinthasintha Proton sikungathandize ngati Vulkan yeniyeniyo sikugwira ntchito.

Pali chachisanu chimene sichili m'kompyuta mwanu, ndicho chisankho cha kampani imene inapanga gemuyo. Mavuto a m'magawo anayi aja amakonzeka pafupifupi onse. A chachisanuchi sakonzeka, ndipo luso lalikulu ndi kuzindikira msanga kuti muli pa gawo liti.

Musanakhudze chilichonse

- Mu Steam tsegulani Help, kenako System Information. Lembani dzina la Linux yanu, kernel (chimake cha Linux), GPU ndi nambala ya driver.
- Kumbukirani kuti Steam munaiika bwanji: kuchokera pa fayilo ya deb ya Valve, m'nkhokwe ya Linux yanu, pa Flatpak kapena pa Snap (njira zina ziwiri zoikira mapulogalamu). Mafoda ake amakhala malo osiyana, mavuto akenso ndi osiyana.
- Fufuzani gemuyo pa ProtonDB, tsamba limene osewera amalembapo mmene magemu akuyendera pa Linux. Werengani malipoti atsopano a anthu amene ali ndi GPU yofanana ndi yanu, osati chizindikiro chapamwamba chokha cha Gold kapena Platinum.
- Koperani padera mafayilo a pamene munafika m'gemu. Si magemu onse amene amasunga pa Steam Cloud.
- Sinthani chinthu chimodzi, yesani, kenako china. Mukasintha zitatu nthawi imodzi simudziwa chimene chathandiza kapena chimene chawononga.

Vuto 1: Steam sikutseguka, kapena ikutsegula windo lakuda

Tsegulani terminal, lembani `steam`, muwerenge mizere yomalizira. Kawirikawiri yankho limakhala pomwepo.

1. *Mafayilo a 32-bit palibe.* Kwa zaka zambiri Steam ya Linux yakhala ikudalira mbali za 32-bit, magemu akale nawonso chimodzimodzi. Pa Debian ndi Ubuntu lembani `sudo dpkg --add-architecture i386`, kenako `sudo apt update`, n'kuikanso Steam. Pa Arch tsegulani gawo la multilib mu `/etc/pacman.conf`. Pa Fedora, Steam imapezeka mu RPM Fusion. Onetsetsaninso kuti driver wa GPU ali ndi mbali yake ya 32-bit ya nambala yofanana ndendende ndi ya 64-bit. Nkhaniyi si yaing'ono: mu 2019 Canonical, kampani yopanga Ubuntu, italengeza kuti isiya mapulogalamu a 32-bit kuyambira pa Ubuntu 19.10, Valve inati sidzalimbikitsanso anthu kugwiritsa ntchito Ubuntu, anthu anadandaula kwambiri, ndipo Canonical inabweza mawu n'kusunga mafayilo ofunikawo.

2. *Driver wasinthidwa koma kompyuta simunaizimitse n'kuyatsanso.* Zimachitikachitika kwa a Nvidia. Lembani `nvidia-smi`. Ikanena kuti driver ndi library sizikugwirizana, yatsaninso kompyuta. Ngati Steam yanu ndi ya Flatpak, lembaninso `flatpak update`, chifukwa Flatpak imasunga kope lakelake la mafayilo a Nvidia limene liyenera kufanana ndi la makina.

3. *Windo lakuda kapena lophethiraphethira.* Apa chavuta ndi steamwebhelper, mbali imene imajambula sitolo ndi laibulale. Ngati mukutha kufika ku Settings, pitani ku Interface muzimitse kugwiritsa ntchito GPU pojambula masamba. Pa laputopu ya ma GPU awiri, yesani kuitsegulira mu terminal. Ikatseguka mu terminal koma n'kukana pa chizindikiro chake, ndiye kuti chizindikirocho chikuikankhira ku GPU imene ikuvuta.

4. *Uthenga wonena za user namespaces.* Steam imaika mapulogalamu ake m'kabokosi kotetezedwa, ndipo ma Linux ena amatsekereza zimenezi. Pa Ubuntu 24.04 chotsekereza chimakhala AppArmor, mbali ya chitetezo cha makina. Njira yabwino ndi kuika Steam yatsopano ya deb kapena ya m'nkhokwe ya Ubuntu, osati kuzimitsa chitetezo cha makina onse.

5. *Mafayilo a Steam awonongeka.* Lembani `steam --reset`. Imakonzanso pulogalamuyo popanda kufufuta magemu.

Chenjezo: musatsegule Steam ndi `sudo`, zivute zitani. Mukatero mafayilo a m'foda yanu amasanduka a root (akaunti yolamulira makina onse), mawa Steam imakana kutseguka mwanthawi zonse. Musasunthenso foda ya Steam pamanja. Mu January 2015 kunapezeka cholakwika mu sikiriputi ya Steam chimene chinafufuta mafayilo onse a munthu amene anasuntha fodayo. Valve inachikonza kalekale, komabe njira yoyenera ndi Settings, kenako Storage, n'kusunthira magemu pomwepo.

Vuto 2: Mwadina Play, batani lasintha kanthawi kochepa, kenako labwerera pa Play

Ili ndiye vuto lalikulu pa onse, ndipo limakhumudwitsa chifukwa palibe uthenga uliwonse umene umatuluka. Uthengawo ulipo, kungoti muyenera kuupempha. Dinani gemuyo ndi batani lakumanja la mawusi, Properties, ndipo mu Launch Options lembani `PROTON_LOG=1 %command%`. Mukayesanso, m'foda yanu yaikulu mutuluka fayilo ya dzina loyamba ndi `steam-` lotsatiridwa ndi nambala ya gemuyo.

1. *Gemu ili pa disiki ya NTFS, yokonzedwa mwa njira ya Windows.* Anthu amene ali ndi Windows ndi Linux pa kompyuta imodzi amafuna laibulale imodzi yogawana, ndipo m'pomveka, magemu ndi aakulu. Koma Proton imapangira gemu iliyonse kafoda kooneka ngati Windows, mmene muli maina okhala ndi zizindikiro zimene Windows salola, ndiponso imafuna zilolezo za mafayilo za mtundu wa Linux. Pa NTFS zimenezi zimasokonekera. Kuonjezera apo, Fast Startup ya Windows imasiya disiki isanatsekedwe bwino, Linux n'kuitsegula moti mungathe kuwerenga kokha osalembapo.
 - Kuyesa kwake: sunthirani gemu imodzi yaing'ono ku disiki ya ext4, yokonzedwa mwa njira ya Linux. Ikayamba, mwapeza vuto.
 - Kukonza kwake: magemu a Linux akhale pa ext4 kapena btrfs. Njira zokakamizira NTFS zilipo, koma ine sindizilimbikitsa, chifukwa zimayenda miyezi ingapo kenako n'kukuwonongerani laibulale ya mbali zonse ziwiri.
 - Disiki yachiwiri ingakhale ya ext4 koma yotsegulidwa ndi `noexec`. Lembani `findmnt` muone. Ngati mawuwo alipo, akonzeni mu `/etc/fstab`.
 - Steam ya Flatpak siona madisiki ena mpaka mutaipatsa chilolezo. Gwiritsani ntchito Flatseal, kapena `flatpak override --user --filesystem=` motsatiridwa ndi malo a disikiyo ndi dzina loti `com.valvesoftware.Steam`.

2. *Vulkan sikugwira ntchito.* Lembani `vulkaninfo --summary`. Muyenera kuona dzina la GPU yanu. Mukaona llvmpipe yokha, ndiye kuti zithunzi zikujambulidwa ndi purosesa, GPU yangokhala.
 - AMD ndi Intel: ikani ma driver a Vulkan a Mesa (gulu la ma driver otseguka a Linux), a 64-bit ndi a 32-bit omwe. Simufunikira kutenga driver kwina, Mesa ndi yokwana.
 - Nvidia: ikani driver wa m'nkhokwe ya Linux yanu, osati fayilo ya `.run` ya pa tsamba la Nvidia, imene imasweka kernel ikasintha. Ngati Secure Boot ndi yoyatsa, driver sangalowe mpaka atasainidwa. Poyatsa kompyuta pamabwera sikirini ya buluu yokupemphani kulembetsa kiyi, ndipo ambiri amaidumpha osadziwa ntchito yake.
 - GPU yakale: kuyambira pa DXVK 2.0 ya mu 2022 pamafunika Vulkan 1.3, choncho Proton 8 ndi zotsatira zake zimakana makadi akale. Yesani Proton 7, kapena lembani `PROTON_USE_WINED3D=1 %command%` kuti idutsire ku OpenGL. Iyenda pang'onopang'ono koma magemu akale amatheka. Makadi ena akale a AMD amayamba ndi driver wa radeon amene alibe Vulkan, ndipo amafunika kuwasinthira ku amdgpu.

3. *Proton imene mwasankha sikugwirizana ndi gemuyo.* Properties, Compatibility, chongani kabokosi kokakamiza, musankhe ina. Yambani ndi yatsopano ya manambala, kenako Proton Experimental, kenako yakale. Zikakanika yesani GE-Proton, imene si ya Valve koma ya anthu odzipereka, ndipo imaikika mosavuta ndi ProtonUp-Qt. Samalani ndi magemu okhala ndi Denuvo, loko woletsa kukopera magemu: Proton iliyonse yatsopano amaiwerenga ngati kompyuta ina, ndipo mukafika zisanu pa tsiku limodzi amakutsekerani kwa maola 24. Pamenepo palibe chaphwanyika, dikirani basi.

4. *Kafoda ka Windows ka gemuyo kawonongeka.* Kamakhala mu `steamapps/compatdata`, m'foda ya nambala ya gemuyo. Musakafufute, kasintheni dzina, chifukwa magemu ambiri amasungira momwemo pamene munafika. Steam ipanga kena katsopano. Gemu ikayamba, koperani mafayilo anu kuchokera m'kakale kaja.

5. *Gemu ili ndi pulogalamu ina yoitsegulira.* EA app, Ubisoft Connect ndi ya Rockstar zimadzisintha zokha nthawi iliyonse, ndipo kusintha kwina kumathyola zimene zimayenda dzulo. Ichi ndiye chimakhala kumbuyo kwa madandaulo ambiri oti dzulo imayenda. Proton Experimental kapena Proton Hotfix ndi zimene zimalandira chokonza msanga. Nthawi zina ndi nkhani yodikira masiku ochepa.

6. *Gemu ili ndi kope la Linux lakale.* Magemu ena anawakonzera Linux zaka zoposa khumi zapitazo, eni ake n'kuwasiya osawasamaliranso. Mu Compatibility yesani kaye Steam Linux Runtime. Zikakanika kakamizani Proton, Steam itsitsa kope la Windows. Dziwani kuti mafayilo a pamene munafika angakhale osagwirizana pakati pa makope awiriwa.

7. *Mafayilo a gemu sanatsike bwino.* Properties, Installed Files, Verify. N'kosavuta, ndipo mutha kuchita poyamba penipeni ngati intaneti inadukadukapo.

8. *Gemu ikuyamba koma ikudzitsekera yokha pakapita mphindi zingapo.* Lembani `sysctl vm.max_map_count`. Ikaonetsa 65530, ndi yochepa kwa magemu ena aakulu. Fedora, Arch ndi Ubuntu zatsopano zinaikweza kale kufika 1048576, inunso ikani yomweyo. Ikakhala yokwera kale, onani ngati RAM sikutha, ndipo onjezerani swap kapena zram, zimene zimathandiza RAM ikadzaza.

Vuto 3: Gemu ikuyenda koma ikudukiza kapena ikuchedwa

Ikani MangoHud, pulogalamu yoonetsa liwiro la gemu pa sikirini, mulembe `mangohud %command%` mu Launch Options, kuti muziona manambala m'malo mongoganiza.

1. *Ma shader akukonzedwa.* Gemu yatsopano, kapena driver akangosintha, zithunzi zimadukizadukiza poyamba chifukwa tizidutswa tojambulira tikumasuliridwa koyamba. Steam ikamalemba kuti ikukonza ma shader a Vulkan, isiyeni imalize. Kuona maso a nkhono n'kudekha: sewerani kanthawi, kudukizako kumachepa kokha. Kukapanda kuchepa pamalo amene mwadutsapo kale, pitani pa nambala 2.

2. *Laputopu ikugwiritsa ntchito GPU yofooka.* MangoHud imatha kuonetsa dzina la GPU imene ikugwira ntchito. Kwa AMD lembani `DRI_PRIME=1 %command%`. Kwa Nvidia, `prime-run %command%` ngati Linux yanu ili nayo.

3. *Makina ali pa kusunga batire.* Lumikizani chaja, sankhani mphamvu zonse, kapena ikani GameMode ya Feral Interactive n'kulemba `gamemoderun %command%`.

4. *Memory ya GPU yadzaza.* Tsitsani ubwino wa zithunzi, makamaka ma texture.

5. *Nvidia ndi DirectX 12.* Anthu ambiri a Nvidia aona kuti magemu a DirectX 12 amayenda mocheperako pa Linux kusiyana ndi pa Windows. Ngati gemu ikulola DirectX 11 kapena Vulkan, sankhani imeneyo. Pa Wayland, njira yatsopano ya Linux yoonetsera mawindo, kuphethira kwa zithunzi kunachepa kuyambira pa driver 555 wa mu 2024, choncho musakhale pa wakale popanda chifukwa.

6. *Kutentha.* Liwiro likamatsika pakapita mphindi khumi kapena kuposerapo, fani ikulira kwambiri, vuto si Linux ayi. Onani gawo lomaliza.

Vuto 4: Makanema a m'gemu ndi akuda, kapena pakuoneka mizere ya mitundumitundu

Makanema ena anawasunga m'njira zimene zili ndi eni ake mwalamulo, ndipo Valve singazigawe pamodzi ndi Proton. M'malo mwake imasintha makanemawo pa makina ake n'kuwatumiza pamodzi ndi ma shader. Choncho yatsani Shader Pre-Caching mu Settings, pa Downloads. Zikapanda kuthandiza, GE-Proton imabwera ndi zambiri zoseweretsera makanema oterewa.

Mawu akamathetheka kapena kudukaduka, yesani `PULSE_LATENCY_MSEC=60 %command%`. Akakhala kuti sakumveka n'komwe, onani kaye ngati gemuyo sikutumiza mawu ku HDMI pamene inu mwavala mahedifoni.

Vuto 5: Controller sikudziwika

1. Malamulo a udev, amene amalola Steam kugwiritsa ntchito controller, palibe. Ikani `steam-devices`, muzule controller n'kuilumikizanso. A Flatpak ayenera kuika imeneyi pa makina enieniwo, chifukwa Flatpak singathe kuika yokha.
2. Steam Input ikulimbana ndi gemu. Mu Properties, Controller, yesani kuiyatsa, kenako kuizimitsa.
3. Bluetooth. Yesani ndi waya kaye. Ikagwira pa waya, ya Xbox ingafunike xpadneo, ndipo kachipangizo kake kopanda waya kamafuna xone.
4. Waya ndi wochajira chabe, sanyamula uthenga. Sinthani waya.

Vuto 6: Nokha mukusewera bwino, koma pa intaneti ikukuchotsani

Apa ndi pamene anthu amataya masiku ambiri pachabe, choncho ndifatsepo.

Magemu ampikisano amakhala ndi mapulogalamu ogwira obera, otchedwa anti-cheat. Mu September 2021, Easy Anti-Cheat ndi BattlEye analengeza kuti atha kugwira ntchito ndi Proton. Koma kuyatsa kwake kuli m'manja mwa kampani ya gemu iliyonse. Ena anayatsa, ena anakana, ena anayatsa kenako n'kuzimitsa. Chifukwa chimene amapereka n'chakuti pa Windows anti-cheat imalowa mpaka mu kernel, pamene pa Linux mwini kompyuta ndiye wolamulira kernel yake, ndipo wobera angabisale mosavuta. Kaya mukugwirizana nazo kaya ayi, chisankho ndi chawo.

1. *Kampani sikulola Linux.* Fufuzani dzina la gemuyo pa tsamba la Are We Anti-Cheat Yet. Valorant siinayendepo pa Linux chifukwa cha Vanguard, anti-cheat ya kampani ya Riot. League of Legends inkayenda kudzera mu Wine mpaka 2024 pamene Riot inaikamo Vanguard yomweyo. Fortnite siyenda, ngakhale Easy Anti-Cheat ndi ya Epic, kampani yomweyo imene inapanga Fortnite. Apex Legends inkayenda bwino mpaka chakumapeto kwa 2024 pamene inatsekedwa. GTA Online inasiya kulola a Linux mu September 2024 itaikidwa BattlEye, ngakhale mbali yosewera nokha imayendabe. Gemu yanu ikakhala m'gulu ili, lekerani pomwepo. Palibe Launch Option, palibe GE-Proton, palibe kernel yapadera imene ingatsegule.
2. *Kampani ikulola, koma chothandizira sichinaikidwe.* Mu laibulale fufuzani Proton EasyAntiCheat Runtime kapena Proton BattlEye Runtime, muike.
3. *Zoonjezera zanu zikukayikiridwa.* Chotsani ma mod (zosintha gemu zopangidwa ndi osewera) ndi zonse za mu Launch Options, mubwerere ku Proton ya Valve.
4. *Wotchi ya kompyuta yalakwika.* Zimachitika kwa amene ali ndi Windows ndi Linux pamodzi, chifukwa ziwirizi zimawerenga wotchi ya makina mosiyana. Yatsani kutenga nthawi pa intaneti.

Musayese kuzembetsa anti-cheat, kaya ndi sikiriputi ya munthu wosamudziwa kaya ndi kubisa Windows m'makina oyerekezera. Bungie, kampani yopanga Destiny 2, inachenjeza poyera kuti oyesa kuzemba malire pa Destiny 2 adzatsekeredwa akaunti. Akaunti ikatsekedwa, zonse zimene munagula mmenemo zapita. Ngati gemu imeneyo ndi imene mumasewera ndi anzanu tsiku ndi tsiku, sungani Windows pa disiki ina. Palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Vuto 7: Magemu a Epic, GOG kapena Battle.net

Epic Games Store ilibe pulogalamu ya Linux. GOG inayamba kugulitsa magemu a Linux mu 2014, opanda maloko a DRM oletsa kukopera, koma kwa zaka zambiri pulogalamu yake ya Galaxy yakhala ya Windows ndi macOS zokha. Dzenje limeneli analikwirira ndi anthu odzipereka: Heroic Games Launcher imatsegula Epic, GOG ndi Amazon, pamene Lutris ndi Bottles zimathandiza pa Battle.net ndi zina.

1. Kulowa mu akaunti kukukanika: Heroic yanu ndi yakale, sitoloyo yasintha kalowedwe. Ikani yatsopano.
2. Gemu sikuyamba: simunasankhe Wine kapena Proton. Mu Heroic tsitsani imodzi pa gawo la Wine Manager. Zonse za mu Vuto 2 zokhudza NTFS ndi Vulkan zikugwiranso ntchito pano.
3. Gemu ikufuna Visual C++ kapena .NET: ikani ndi winetricks m'kafoda ka gemu yomweyo. Pa Steam chida chofanana nacho ndi protontricks.
4. Mod sikuoneka: Wine ikugwiritsa ntchito DLL yake m'malo mwa ya mod. Ngati mod ikubwera ndi `dinput8.dll`, lembani `WINEDLLOVERRIDES="dinput8=n,b" %command%`. Kumbukiraninso kuti pa Linux foda ya `Data` ndi ya `data` ndi ziwiri zosiyana.

Vuto likakhala la Heroic kapena Lutris, kalinenereni kwa opanga mapulogalamuwo. Epic kapena GOG sangakuthandizeni pa pulogalamu imene si yawo.

Vuto 8: Mwafunsa, aliyense akukuuzani zosiyana

Ili nalonso ndi vuto lobwerezabwereza, ndipo limachititsa anthu kufufuta Linux yabwinobwino. Kuti mumvetse malangizo amene mukulandira, dziwani kuti anthu a Linux sanagwirizanepo pa nkhani ya Steam.

Gulu loyamba ndi la omenyera mapulogalamu aufulu. Mu 2012, Steam isanafike n'komwe pa Linux, Richard Stallman, woyambitsa GNU, analemba kuti magemu otsekedwa si abwino chifukwa amalanda munthu ufulu, ngakhale anavomereza kuti ngati munthu awasewera ndithu, kuli bwino awasewerere pa GNU/Linux kusiyana ndi pa Windows. Anthu a maganizo amenewa amakonda GOG kapena magemu aufulu monga 0 A.D. ndi SuperTuxKart. Gulu lachiwiri limati ndalama zipite kwa okhawo amene apanga kope lenileni la Linux, ndipo limaopa kuti Proton yachotsa chifukwa chopangira makope otero. Mantha awo ali ndi maziko: mu 2021 Feral Interactive inasiya kukonzera Linux gemu ya A Total War Saga: Troy, n'kunena kuti Proton yachepetsa ofuna makope enieni. Rocket League nayo inasiya Linux ndi macOS mu 2020. Gulu lachitatu limangofuna kuti gemu iyende, ndipo limaloza ntchito imene ndalama za Valve zathandiza pa Mesa, Wine ndi DXVK, imene ili yotseguka kwa aliyense, ngakhale amene sagula pa Steam.

Ine ndikuona kuti onse atatu ali ndi mfundo, ndipo chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti zambiri zatsamira pa kampani imodzi. Koma pokonza vuto la lero, mkanganowu usakusokonezeni. Malangizo awa ndi amene muyenera kuwakayikira:

- "Sinthani Linux yanu." Zimathandiza pokhapokha GPU yanu ili yatsopano kwambiri moti kernel ndi Mesa zimene muli nazo sizikuidziwa. Kupanda apo vuto lomwelo mukalipezanso uko.
- "Koperani mzere uwu wa Launch Options." Mizere yaitali imene anthu amapatsirana imakhala ndi zinthu zakale zimene sizigwiranso ntchito, zina zimachedwetsa gemu. Musalembe chimene simukudziwa ntchito yake.
- "Thamangitsani sikiriputi iyi ndi sudo." Iwerengeni kaye. Ngati simungathe kuiwerenga, isiyeni.
- "Flatpak ndiye vuto," kapena "Flatpak ndiye yankho." Valve imagawa yokha fayilo ya deb, pamene Flatpak ndi Snap zimakonzedwa ndi ena. Kuyesa njira ina ya kaikidwe n'kwanzeru mukatha zina zonse, osati poyambira.

Poyenera kulekera n'kufuna thandizo

Pitani kwa katswiri wokonza makompyuta ngati:

- kompyuta ikuzima yokha gemu ikafika polemera, kapena mukumva fungo la kupserera. Izimitseni, muzule pa magetsi, musayesenso;
- pa sikirini pakuoneka timadontho kapena mizere ngakhale musanalowe mu Linux;
- batire ya laputopu kapena ya Steam Deck yatupa. Musaiboole, musaichajenso;
- disiki ikulira modabwitsa, kapena `smartctl` ikunena kuti yatsala pang'ono kufa. Koperani kaye mafayilo ofunika;
- mukufuna kugawanso disiki imene ili ndi Windows kapena BitLocker (loko wa disiki wa Windows) koma mulibe kope la mafayilo anu ndi kiyi yotsegulira.

Funsani wodziwa bwino Linux ngati mwasintha driver ndipo kompyuta ikungofika pa sikirini yakuda. Musafufute Linux yonse: kawirikawiri Ctrl, Alt ndi F3 zimakupatsani polembera, kapena mutha kusankha kernel yakale poyatsa, ndipo mafayilo anu ali bwinobwino.

Lemberani Steam Support ngati nkhani ndi ya akaunti, malipiro kapena kubedwa. Ameneyo yekha ndiye angathandize, ndipo aliyense wokupemphani pasiwedi kapena nambala ya Steam Guard ndi wakuba.

Ngati mwatsata zonsezi ndipo gemu ikukanabe, nenani vutolo pa tsamba la Proton la pa GitHub. Gemu iliyonse imakhala ndi malo ake amodzi, choncho fufuzani kaye musanatsegule ena. Ikanipo fayilo ya PROTON_LOG, zolemba za System Information, ma Proton amene mwayesa, ndi pamene gemu ikugwera. Yesani ndi Proton ya Valve musananene, chifukwa salandira malipoti a GE-Proton.

Yang'aniraninso nthawi. Steam imabweza ndalama ngati papita masiku osakwana 14 chigulireni ndipo mwasewera maola osakwana awiri. Nthawi imene gemu yakhala yotseguka, ngakhale pa sikirini yakuda kapena pa pulogalamu yoitsegulira, imawerengedwa ngati mwasewera. Mukafika ola limodzi ndi theka musanaione ikuyenda, pemphani ndalama zanu, ndipo pa chifukwa lembani kuti sikuyenda pa Linux.